Bambo Mbewe ndi Siwichi ya pa Malire

Uthenga wa imfa ya Bambo Mbewe unandipeza ndili pa ntchito ku chipatala cha ku Nuneaton, kuno ku England, ndikuyala bedi la wodwala. Anaimba ndi mwana wawo wamkazi, Dalitso, uja anakulira konkuno ndipo Chichewa amangochimva osachiyankhula. Anandiuza m'Chingerezi kuti adadi apita m'mawa uno, ndipo mapemphero adzakhala Lachisanu madzulo kunyumba kwawo ku Kings Heath, mu mzinda wa Birmingham. Atamaliza sanadule foni. Anangokhala duu ngati akudikira kanthu. Ine osaganiza n'komwe ndinabwereza zonse zimene ananenazo, tsiku, nthawi ndi malo. Apo mpamene tonse awiri tinayamba kulira, chifukwa tinazindikira amene anatiphunzitsa khalidwe limenelo.

Amalawi a ku West Midlands kuno tinkawatchula kuti a Bwerezani, koma kumbali, poti pamaso pawo panalibe wolimba mtima. Munthu uja sankakhulupirira mawu akuti "ndamva". Ukawauza kuti ukawatenga pa siteshoni, ankabwereza dzina la siteshoniyo ndi nthawi yake, kenako n'kukuuza kuti nawenso ubwereze. Kutchalitchi kwathu, mu holo imene timachita lendi pafupi ndi msewu waukulu wa Kings Heath, ankakhala kumbuyo kwenikweni, pampando wa pafupi ndi chitseko, pansi pa masiwichi a nyali. Mlembi akatha kuwerenga zolengeza, ife tonse n'kuvomera kuti "inde, tamva", mawu awo okhuthala ankachokera kumbuyoko: "Bwerezani tsikulo." Mlembi ankabwereza nkhope itakwinyika, ana akuseka chobisa. Kunena zoona ankatitopetsa, ndipo masiku ena ndinkalakalaka atadwala chimfine kuti tiweruke msanga.

Ankati vuto la Mmalawi ndi ulemu. Wamkulu akayankhula, wamng'ono amati "inde" ngakhale sanamve kanthu, chifukwa kufunsanso kumaoneka ngati chipongwe. Ankati "inde" wotereyu wakwirira anthu ambiri kuposa malungo. Chifukwa chake anandiuzako kamodzi kokha, m'masiku amene ndinkakhala kwawo nditangofika kumene kudzayamba unamwino. Ali mnyamata, akugwira ntchito yamagetsi kumudzi, anaona munthu akutsitsidwa papolo ndi chingwe, nsapato zikufuka utsi. Magetsi asanayatsidwe, wina anafunsidwa ngati anthu onse atsika m'mapolo, ndipo anavomera poopa kuwadikiritsa abwana. Bambo Mbewe sanatchule dzina la munthuyo, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso. Pa nkhani zawo zonse, ndi yokhayo imene ndikudziwa kuti sanaibwereze.

Ku England kuno anabwera motsatira akazi awo, aNaphiri, amene ndi namwino ngati ine. Zinali choncho m'mabanja ambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: mkazi ndiye anali ndi mapepala a ntchito, mwamuna n'kumanyamula makatoni m'nyumba zosungiramo katundu, ngakhale kumudzi anali bwana wokhala ndi galimoto ya kampani. Bambo Mbewe ananyamula makatoniwo mosadandaula mpaka kampani ina yamagetsi inawalemba. Anawaika m'chipinda chowongolera magetsi a chigawo chonse, chimene iwo ankangochitchula kuti ku kontirolu. M'chipindamo mulibe mawindo. Muli makompyuta oonetsa nthambo zonse za m'chigawo, ndipo munthu ali pampando amatha kuzimitsa kapena kuyatsa tauni imene sanaipondepo.

Ntchito imeneyi ankaifotokoza kwa aliyense amene walakwitsa kukhala nawo pafupi. Dziko lino, ankatero, linagawidwa zigawo, chigawo chilichonse ndi kampani yake ndi kontirolu yake. Pamwamba pa onsewo pali bungwe la boma loyang'anira, limene limalipiritsa chindapusa kampani ikasiya anthu mumdima nthawi yaitali. Koma nthambo sizidziwa malire. Pali malo amene nthambo ya kampani ina imalowa m'dera la inzake, ndipo pamenepo pamakhala siwichi. Lamulo lake ndi lakuti siwichi ya pa malire siitsekedwa, kutanthauza kuyatsidwa kuti magetsi adutse, mpaka makontirolu onse awiri atayankhulana, wina kunena, wina kubwereza, woyambayo n'kutsimikiza. Ankaiyerekeza ndi kutentha tchire m'malire a munda: usanayatse moto umayamba waitana mwini munda winawo, umuone ndi maso kuti watuluka.

Pamisonkhano yathu nkhani imeneyi inkabala mikangano. Abambo akayamba kudandaula za kuzimazima kwa magetsi kumudzi, Bambo Mbewe ankati tidzavutikabe mpaka titalumikiza nthambo ndi maiko oyandikana nawo, komanso kuti kulumikiza nthambo n'kosavuta, chovuta n'kulumikiza pakamwa pa anthu. Abale athu a ku Zambia ankawaseka kuti Amalawi timakonda malamulo pomwe mababu athu sayaka. Iwo ankapsa mtima zenizeni, n'kuyamba kujambula mizere pathebulo ndi chala chonyowa ndi tiyi. Ankakambanso za ku America, kumene boma lalikulu limayang'anira zigawo zambirimbiri zogawana magetsi, n'kumati ngakhale kumeneko zinthu zikaonongeka kawirikawiri mumapeza kuti anthu awiri sanamvane pafoni. Pofika pamenepo ambiri tinkakhala titathawira kukhitchini.

Mkangano wina unali wosaseketsa. Kwathu tinazolowera kuti ukakhala ndi munthu wako mu ofesi, zinthu zimayenda. Choncho anthu atamva kuti wathu ali ku magetsi, foni yawo sinkapuma. Wina mita yake yavuta, wina msewu wawo wazima, wina akufuna mwana wake alembedwe ntchito. Onse ankalandira yankho limodzi: nambala yoimbapo aliyense, yonenedwa pang'onopang'ono, kenako pempho loti abwereze. Anthu anayamba kunena kuti a Mbewe asanduka mzungu, ndi ouma mtima, aiwala kumene anachokera. Iwo sankadziteteza. Koma Loweruka unkawapeza m'nyumba ya yemwe wawanenayo, atagwada pansi ndi sikuludiraiva, akukonza soketi.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankawaseka pamaso, Bambo Kachingwe a ku Ntcheu. Awiriwa anadziwana ali ku sekondale, ndipo ankaitanana maina oyamba, a Mbewe Lameki, a Kachingwe Yona, chinthu chimene ngakhale akazi awo sankachita pagulu. Makatoni aja ananyamulira limodzi. A Kachingwe atasamukira ku Stoke-on-Trent, kumene akazi awo aNangozo anapeza ntchito pachipatala chachikulu ndiponso nyumba zinali zotsikirako, Bambo Mbewe ankayendetsa galimoto ulendo wonsewo kukangosewera bawo. Bawolo linali la a Kachingwe, koma linkayenda uku ndi uku malinga ndi amene wapambana. A Kachingwe atayamba kudwala mapapo, n'kuyamba kukhala ndi makina a mpweya pambali pa mpando, anawapempha anzawowo chinthu chimodzi pamaso pa akazi onse awiri. Anati akadzafa, Lameki ndiye adzaperekeze thupi mpaka ku Ntcheu ndi kukayankhula kumanda, chifukwa ndi yekhayo wosasokoneza mawu otumidwa. Bambo Mbewe anabwereza pempholo, a Kachingwe n'kuseka mpaka kutsokomola.

Maliro a Bambo Kachingwe sanawaperekeze. Tsiku limene tinasonkhana ku Stoke kutsanzikana ndi thupi, Bambo Mbewe anaimirira panja pa nyumba, pamsewu, mvula ikuwagwera pachipewa. M'nyumba tinkaimba nyimbo, ndipo aliyense wosuzumira pawindo ankawaona, koma panalibe wotuluka kukawalowetsa. Chikwama cha ulendo chinali m'galimoto mwawo, atalongedza kale. Thupi litanyamuka kupita ku bwalo la ndege, amene anakwera nalo anali msuweni wina wa ku Coventry amene malemuyo sankamudziwa bwino n'komwe. Bambo Mbewe anavula chipewa galimoto ya maliro ikudutsa, n'kubwerera ku Birmingham okha.

Zimene zinatifikitsa pamenepo ndinaziona ndi maso anga, chifukwa tsiku limene zinayamba ndinali m'nyumba ya a Kachingwe. Ndinapita dzulo lake kukazonda odwala, ndipo m'mawa mwake sitima zinaleka kuyenda chifukwa cha mphepo. Inali nyengo yozizira, chaka chitangoyamba kumene. Mphepoyo inkagwetsa mipanda ndi kuulutsa matailosi a padenga, ndipo tisanamalize kumwa tiyi magetsi anazima. Makina a mpweya analira kamodzi n'kukhala chete. Ife anamwino awiri sitinachite mantha poyamba. Tinatulutsa silinda yosungira ngozi, tinawalumikiza odwala, n'kumawaseka kuti lero apuma mpweya wa m'botolo ngati munthu wolemera. Silindayo inali yoti ithandize kwa kanthawi, ndipo sinali yodzaza, poti ina yatsopano imayenera kubwera tsiku lomwelo.

Dzuwa litapendeka, magetsi anali asanabwere, ndipo kamuvi ka pa silinda koonetsa mpweya wotsala kanali katayandikira pofiira. A ambulansi anati atilemba, koma misewu yatsekeka ndi mitengo ndipo oitana ndi ambiri. Galimoto ya aNangozo inali itatsekeredwa ndi mpanda wa njerwa umene unagwera pakhomo pa kanjira ka kuseri. Tinachepetsa mpweya kuti ukhalitse, ndipo milomo ya a Kachingwe inayamba kuda. Apo aNangozo anatenga foni, n'kuimba nambala imene aliyense ankadziwa kuti saimbapo nthawi ya ntchito. Anaiika poti tonse timve.

"Alamu, ndine Nangozo. Silinda ikutha. Ambulansi akuti ma-road ndi otseka. Anzanuwa akubanika, tiyatsireni magetsi."

"Ndamva, alamu. Silinda ikutha, ambulansi yachedwa, Yona akubanika," anayankha Bambo Mbewe. Kumbuyo kwawo kunkamveka mafoni ambiri akulira. "Kamuvi kali pati?"

"Pa red! Musandifunse mafunso, ine ndi nesi. Mungathe kapena simungathe?"

Munthu wina akanangoti sizingatheke, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Bambo Mbewe bodza sankalidziwa, ngakhale laling'ono lopulumutsa ubale.

"Njira ilipo imodzi," anatero. "Laini yanu yaduka mbali yathu. Ndikhoza kukuzungulitsirani magetsi kudzera pa siwichi ya pa malire, koma adutsa m'nthambo za anzathu a kumpotowa. M'mawa anakweza anyamata awo m'mapolo amenewo. Sanandikonfemele kuti atsika."

"Ndiye afunseni!"

"Ndawafunsa. Akuti I think they're clear. Alamu, I think si yankho."

ANangozo anagwada pansi, foni ili m'manja, ngati kuti munthuyo akuwaona. Ndinali ndisanawaonepo akugwadira munthu. Anawakumbutsa za makatoni, za bawo, za ana amene anakulira limodzi. Anati mnzako akapsa ndevu umamuzimira, nanga awa ndi mapapo. Anati anyamata a m'mapolowo ndi ongoganiziridwa, mwina aliko mwina kulibe, koma Yona ali pano, akumuona ndi maso. Kenako Bambo Mbewe anati akufunafuna jenereta ndipo aimbiranso a ambulansi iwo eni, koma siwichiyo saigwira mpaka atamva mawu oyenera.

Zimene zinkachitika ku kontirolu ndinazimva posachedwapa, pamaliro awo, kwa mzungu wina amene ankakhala desiki yoyandikana nawo. Anati tsikulo bwana wawo anaimirira kumbuyo kwa mpando wa Bambo Mbewe, chifukwa siwichi yomweyo ikanayatsa misewu yambiri, ndipo chindapusa cha bungwe la boma chinkakulirakulira. Bwanayo ankati anzathuwo anena kale kuti zili bwino. Koma lamulo limapereka siwichi kwa amene ali pa desiki, osati kwa woimirira kumbuyo. Mzunguyo anati Bambo Mbewe anachotsa dzanja pa kompyuta n'kulikhalira, monga amachitira mwana woopa kuti aba shuga. Ndi dzanja linalo ankaimbira kontirolu ya kumpoto mosalekeza, ndipo uko nakonso kunali chipwirikiti, woyankha aliyense akulonjeza kuti afufuza.

Ife m'nyumba muja izi sitinkazidziwa. Tinkangoona kamuvi. ANangozo anaimbanso, ndipo ulendo uno sanapemphe.

"Mbewe, mukundiphera mwamuna. Mukumva? Bwerezani zimenezo, poti mumakonda kubwereza."

Sanabwereze. A Kachingwe anatukula dzanja kupempha foni, ndipo ndinawagwirira pafupi ndi pakamwa. Anakoka mpweya kangapo, mapewa akukwera ndi kutsika.

"Lameki," anatero.

"Ndili pano, Yona."

Basi, mawu anali omwewo. Mpweya woti apitirize panalibe. Anthu akhala akundifunsa ngati a Kachingwe ankapempha kapena ankawauza anzawo kuti alimbe mtima. ANangozo amati ankapempha. ANaphiri amati ayi. Ine ndinali pomwepo, khutu langa pafupi ndi pakamwa pawo, ndipo sindikudziwa.

Silinda itatheratu tinatsegula zenera n'kuwakhazika chowongoka. Ndinathamanga khomo ndi khomo mumsewu uja mphepo ikundikankha, mpaka bambo wina wopenta nyumba anavomera kutitenga pa vani yake kudzera m'tinjira ta kuseri. Tinawanyamula a Kachingwe pampando wa kukhitchini, atalemera ngati thumba lonyowa, maso atayamba kutembenuka. Tikudutsa nawo pakhomo, nyali ya m'khonde inayaka, ndipo kumbuyo kwathu makina a mpweya analira n'kuyamba kugwira ntchito m'chipinda chopanda munthu. A kumpoto anali atatsimikiza, Bambo Mbewe atabwereza, siwichi n'kutsekedwa. Sitinabwerere, chifukwa pamene zinafikapo makinawo sakanathandizanso.

A Kachingwe anakhala masabata angapo m'chipinda cha odwala kwambiri, osatsitsimuka bwinobwino, kenako anamwalira. Madokotala anati mapapowo anali atatha kale, mwina akanakhala miyezi ingapo. Koma ife ndife anamwino, tikudziwa chimene kusowa mpweya kumachita ku ubongo ndi ku mtima. Palibe amene akanatinamiza.

Ngakhale zinali choncho, ndikukhulupirira kuti aNangozo akanawakhululukira. Pa siwa tsiku loyamba anawalola kulowa, ndipo azimayi ena anali atayamba kale kunena kuti mwina a Mbewe anapulumutsa ana a eni m'mapolo muja. Nkhaniyo inali yabwino, aliyense akanatha kukhala nayo. Anaiononga ndi Bambo Mbewe eni. Kampani yawo ndi ya kumpoto ija zinali zitafufuza za tsikulo, monga amachitira pakagwa vuto pa malire, ndipo iwo anali atamva zotsatira. Anagwada pamaso pa namfedwa, pakati pa anthu, n'kunena motsitsa mawu.

"Alamu, sindikufuna mudzamve kwa wina. Anyamata aja anali atatsika kale dzuwa lisanafike pamutu. Anali m'galimoto, akudya. Uthenga wawo unachedwa kufika ku kontirolu yawo. Ndikanatseka nthawi imene munaimba koyamba ija, palibe akanavulala."

Ine ndinkafuna kuwatseka pakamwa ndi dzanja. Munthu wamkulu, wa imvi, osadziwa kuti pa siwa pali zoona zina zimene zimadikira!

"Ndiye mukupepesa?" anafunsa aNangozo.

"Ndikulira nanu, alamu. Koma nditabwezedwa pampando uja, osadziwa zimene ndikudziwa lerozi, sindingatsekebe."

ANangozo anaimirira, anatsegula chitseko cha kumsewu, n'kuima pambali pake mpaka Bambo Mbewe atatuluka. Za kuperekeza maliro zinathera pomwepo. Akuluakulu a mpingo anayesa kulowererapo, kukumbutsa kuti linali pempho la malemu, koma namfedwa anati munthu amene anamana mwamuna wake mpweya sangakaime pamanda ake n'kumayankhula.

Ineyo ndinawakwiyira Bambo Mbewe nthawi yaitali, ndipo mbali ina ya mtima wanga ikadali yokwiya. Ndinagwira mutu wa a Kachingwe mu vani muja, ndikudziwa mmene unkagwedezekera. Koma ndimagwiranso ntchito m'chipatala, kumene mankhwala oopsa sitipereka popanda mnzathu wachiwiri kuwerenga chizindikiro mokweza, ngakhale wodwala akukuwa ndi ululu. Tsiku lina ndikudikira mnzanga kuti adzatsimikize, wodwala akunditukwana, ndinapezeka nditabisa dzanja kumbuyo. Sindinganene kuti ndinawakhululukira tsiku limenelo, koma Lamulungu lotsatira ndinawapatsa moni.

Ambiri sanawapatse. Kwa zaka ziwiri zimene anakhalanso ndi moyo, mipando yoyandikana ndi wawo kutchalitchi inkakhala yopanda anthu. Foni yawo inaleka kulira, ndipo masoketi a anthu anayamba kukonzedwa ndi ena. Iwo sanasinthe mpando, sanasiye kubwera, ndipo zolengeza zikatha ankanenabe mawu awo aja, kungoti ana sankasekanso. ANangozo amabwera kutchalitchi kwathu kamodzi pamwezi, tikakhala ndi mapemphero a Amalawi a chigawo chonse. Kuti alowe mu holo ankayenera kudutsa pa mpando wa pachitseko uja. Bambo Mbewe ankaimirira nthawi zonse n'kunena kuti, "Mwafika, alamu." ANangozo ankadutsa ngati adutsa khoma. Mwezi wotsatira zinkachitikanso chimodzimodzi, ndipo ife oonerera tinkagwira mpweya mpaka atakhala pansi.

ANaphiri anandiuza kuti kunyumba munthu uja analeka kusewera bawo. Mphepo ija isanachitike anali atapambana, choncho bawo la a Kachingwe linatsalira kwawo. Analiika pamwamba pa kabati, ndipo nthawi ndi nthawi ankalitsitsa, kulipukuta, n'kulibwezera. Kukachita mphepo sankadya.

Ndinawaona komaliza m'chipatala ku Birmingham, mtima utawafooketsa, iwonso ali ndi timachubu ta mpweya m'mphuno. Anandiona ndikuyang'ana timachubuto, ndipo anamwetulira pang'ono, n'kunena kuti Yona akanaseka. Ndinawafunsa, poti ndine wosasunga funso, ngati samadandaula kuti anaulula za anyamata aja pa siwa. Anati amadandaula tsiku lililonse, koma sakanatha kukwera ndege ndi bokosi la mnzawo atanyamula bodza m'thumba. Kenako anandituma.

"Mwana wanga, ukapite ku Stoke. Ukawauze aNangozo kuti bawo lili kwathu ndi la amuna awo, adzatenge. Ukawauzenso kuti mawu amene Yona anandituma kukanena ku Ntcheu ndinawasunga, ndawauza aNaphiri, akawafuna akafunse. Usaonjezere kanthu. Bwereza."

Ndinabwereza. Anandikonza pamene ndinati "bawo lawo" m'malo moti "la amuna awo", ndipo ndinabwerezanso. Uthengawo ndinakaupereka monga unalili, osaonjezera ngakhale kuti munthuyo ali kumapeto. ANangozo anamvetsera ataima pa sinki, atandifulatira. Pa siwa ya Bambo Mbewe anabwera, anakhala kukhitchini, anatsuka makapu, osaimba nyimbo ndiponso osalowa kumene kunali aNaphiri. Pochoka ndinawaona atanyamula chinthu chachitali chokulungidwa m'chitenje. Thupi linapita ku Dedza, aNaphiri ndi ana ndiwo analiperekeza.

Lamulungu lapitali linali la mapemphero a chigawo chonse, loyamba chichokereni Bambo Mbewe. Mpando uja ukadali pomwepo, pafupi ndi chitseko, pansi pa masiwichi. Ndi mpando wamba wapulasitiki, wofanana ndi ina yonse, kungoti khoma la kumbuyo kwake lili ndi chizindikiro chakuda pamene ankatsamiritsa mutu. Anthu ochedwa ankafika, kuuyang'ana, n'kukaimirira chakumbali. Nyali za mu holo tinaiwala kuyatsa zina, poti ankayatsa ndi iwo, choncho kumbuyoko kunali kamdima.

Mlembi anawerenga zolengeza. Panali mtsikana wina wochokera ku Lilongwe amene akubwera kudzayamba unamwino, ndipo ankafunika munthu wokamuchingamira ku bwalo la ndege. Mlembi anatchula tsiku ndi nthawi mothamanga, mnyamata wa galimoto n'kuvomera kuti "inde, ndamva," ife tonse n'kung'ung'udza kuti tamva. Kenako panagwa bata lija, pamalo pamene mawu okhuthala ankalowerapo. Mlembi anadikira mwachizolowezi, pepala lili m'manja, ndipo atakumbukira anayamba kulipinda.

"Bwerezani tsikulo."

Anali aNangozo, pampando wawo wa kutsogolo. Sanacheuke, ndipo nkhope yawo inali youma monga yakhalira zaka zonsezi. Mlembi anafunyulula pepala n'kubwereza tsiku ndi nthawi pang'onopang'ono, mnyamata uja n'kubwereza pambuyo pake. Tikutuluka, aliyense ankaulambalala mpando uja. ANangozo atafika pamenepo anaima kanthawi, ngati akudikira kuti wina aimirire n'kuwauza kuti mwafika, ndipo panalibe woimirira.